Lichero la Mayi ndi Lamulo la Mzinda

Sabata ino ndati tikambirane nkhani imene imakhudza mphika wa banja lililonse la m'tauni, ngakhale kuti kawirikawiri imakambidwa m'maofesi momwe ife sitifikamo. Nkhaniyi ndi ya malamulo oyendetsera malonda a m'mbali mwa misewu: ziphaso, misonkho ya pamsika, kuyendera kwa a zaumoyo, ndiponso kulanda katundu kumene timakuona ndi maso athu.

Kapena ena a inu mudzati, "Nanga ife zikutikhudza bwanji, poti sitichita geni?" Koma taganizirani ndiwo zimene mudaphika dzulo madzulo. Mpiru uja, matimati aja, kamulu ka usipa kaja, kodi simudagule kwa mayi wina amene adayala thumba lake pansi pafupi ndi pokwerera basi? Tsono tonse tili m'nkhaniyi, wina kuseri kwa lichero, wina kutsogolo kwake.

Ine ndidakulira kuseri kwa lichero. Bambo atatisiya, mayi adatsala ndi ana asanu, opanda munda m'tauni, opanda ntchito yolembedwa. Chimene adali nacho ndi luso la manja awo. Ankadzuka tambala woyamba akulira, nasinja nthochi zakupsa ndi ufa wa mgaiwa, nakazinga zitumbuwa, ndipo dzuwa lisanatuluke thobwa lidali litathiridwa kale m'chidebe. Ine monga mwana wamkazi wachisamba, ndinkawasenzera lichero kufikira pamalo pawo ndisanathamangire kusukulu. Masiku amenewo chitumbuwa chinkagulidwa ndi matambala, ndipo ndi matambala omwewo amene adatigulira yunifolomu, makope ndi sopo, natilipirira nyumba ya lendi.

Pali chinthu chimodzi chimene mayi sankachita nacho chibwana. Wotolera msonkho akafika, iwo ankamasula nsonga ya chitenje nalipira, kenaka nkutambasula dzanja kuti alandire kapepala kawo. Timapepala timeneti ankatisunga m'kachitini pamodzi ndi makadi athu a kusikelo. Tsiku lina ndidawafunsa chifukwa chosungira mapepala otha ntchito, ndipo adandiyankha kuti, "Mwanawe, kapepala aka ndi mboni yanga. Kakunena kuti ine pano sindidabe malo. Ndalipira, tsono naonso a khonsolo ali ndi ngongole kwa ine."

Mawu amenewa ndakhala ndikuwasinkhasinkha zaka zambiri, ndipo ndiwo mutu wa zonse zimene ndifuna kunena lero. Chiphaso ndi pangano la mbali ziwiri. Mayi wogulitsa amalonjeza kulipira, kukhala pamalo pamene wapatsidwa, kusesa, kuvundikira chakudya, ndi kuyesa malonda ake mwachilungamo. Mzinda nawo umalonjeza kumpatsa malo ofikika kwa ogula, madzi, chimbudzi, kotaya zinyalala, ndi mtendere wakuti agulitse popanda kucheukacheuka. Mbali imodzi ikasunga pangano inzake nkuliswa, pamenepo mpamene pamayambira mpungwepungwe.

Tiyeni tikumbutsane kumene tachokera. M'nthawi ya ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda malamulo a ukhondo wa m'mizinda adali okhwima zedi, ndipo munthu sankangoyala malonda paliponse pamene wafuna. Zinthu zidasintha dziko litalowa m'ndale za zipani zambiri m'chaka cha 1994. M'zaka za ulamuliro wa a Bakili Muluzi anthu adalimbikitsidwa kuchita mabizinesi ang'onoang'ono, ntchito zolembedwa zidali zosowa, ndipo makhonde a masitolo ku Limbe, ku Blantyre ndi ku Lilongwe adadzaza ndi malonda kotero kuti woyenda pansi ankachita kutsikira mumsewu wa galimoto. Kenaka mu April 2006 boma la a Bingu wa Mutharika lidalamula kuti ogulitsa onse achoke m'misewu alowe m'misika, pa ntchito imene idatchedwa Operation Dongosolo. Misewu idayera ndithu, ndipo ambiri adayamikira. Koma inu nomwe ndinu mboni kuti patapita nthawi malonda adabwereranso, ndipo kuyambira pamenepo kwakhala kuli kuthamangitsana kosatha: lero achotsedwa, mawa abwerera.

Kodi nchifukwa ninji amabwerera? Ena amayankha msanga kuti nkusamva. Ine amene ndidasenzapo lichero ndiona mwina. Malonda a mayi wosauka amatsata mapazi a anthu monga momwe nsomba itsatira madzi. Munthu amene waweruka kuntchito dzuwa litapendeka, atatopa, akuthamangira basi, sangakhotere kumsika umene uli kutali ndi njira yake chifukwa cha matimati atatu. Adzagula kwa amene wamupeza panjira. Ndiponso misika yambiri idamangidwa mizinda yathu isanakule chotere. Mabenchi ake adatha kale, ndipo wobwera kumene amapatsidwa malo a kumapeto, kufupi ndi dzala, kumene wogula safikako. Pamwamba pa izo, ndiwo zamasamba sizidikira mawa. Nkhwani zimene sizidagulidwe lero, mawa ndi zinyalala. Mayi amene mpamba wake wonse ukukwana m'beseni limodzi, ataona kuti dzuwa likulowa beseni likadali lodzaza, adzalisenza natuluka nalo kumsewu, ngakhale adziwa bwino lomwe kuti akuswa lamulo. Kunyumba kuli ana amene akuyang'ana kunjira.

Komabe, amayi anzanga, tisalole chisoni kutiphimba m'maso, pakuti malamulowa sadangoikidwa mwa nkhanza. Pali mayi winanso amene tiyenera kumkumbukira: uja amene adamvera, nalowa mumsika, amene amalipira msonkho tsiku ndi tsiku, koma amakhala tsiku lonse akuingitsa ntchentche pamene anzake osalipira atchinga ogula onse pachipata. Kodi iyeyo alibe ana? Pali wakhungu amene ndodo yake imakodwa m'milu ya malonda, ndi mwana wasukulu amene amayenda pakati pa galimoto chifukwa njira yake yatsekedwa. Pali ngalande zimene zimatsekeka ndi makoko ndi mapepala, madzi a mvula nasefukira m'masitolo ndi m'nyumba za anthu. Ngakhale lamulo lija limene timaling'ung'udzira chaka ndi chaka, loletsa kugulitsa chimanga chachiwisi pamene mbewu zili kumunda, lili ndi mwini wake amene limamteteza: mlimi amene adalima, nathira feteleza wa ngongole, koma akuba namkololera usiku.

Choposa zonse ndi nkhani ya moyo. Mliri wa kolera umene udayamba mu March 2022 nupitirira mpaka m'chaka cha 2023 udali woopsa kuposa wina uliwonse wa kolera umene dziko lino lidauonapo, ndipo udatenga miyoyo ya anthu oposa 1,700. Mu January 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa, ndipo m'malo ambiri kugulitsa zakudya zophikaphika kudaletsedwa. M'dera lathu tidaika mwana wa mnansi wanga, kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri, kamene kadasewera ndi adzukulu anga m'mawa koma tsiku lotsatira nkukhala kulibe. Palibe amene adadziwa chimene kadadya kapena kumwa, koma kuyambira tsiku limenelo sindiyang'ananso chidebe cha madzi otsukira makapu monga ndinkachiyang'anira kale.

Kolera amayenda m'madzi ndi m'chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu wodwala. Dzanja losasamba ndi sopo, ntchentche yochokera kudzala, kapu imodzi yomwera anthu makumi awiri yongoviikidwa m'madzi omwewomwewo, zonsezi ndi milatho yake. Akalowa m'thupi amatsitsa madzi mofulumira kotero kuti munthu akhoza kutsirizika m'maola ochepa. Matenda a tayifodi nawo ali ndi chinsinsi chake: munthu akhoza kusenza tizilombo take m'thupi iye mwini osadwala konse, napatsira ena kudzera m'chakudya chimene wakonza. Nchifukwa chake wophika zogulitsa amafunsidwa kukapimidwa kuchipatala ngakhale akudzimva kuti ali bwino. Sikumnyoza ayi. Ndi kuteteza mwana wa mnzake, amene akuluakulu adati ngwako yemwe.

Ndikumbukira mayi wina woyendera za ukhondo amene ankafika pamalo pamene mayi anga ankagulitsira. Sankabwera ndi ndodo. Ankayamba wapereka moni, kenaka nkuyang'ana zikhadabo, nkuvundukula chidebe, nkufunsa kumene madzi atungidwa. Tsiku lina adapeza zitumbuwa zili poyera, ndipo m'malo mozitaya adati, "Mayi, pezani kansalu koyera muzivundikira, ndipo musamagwire ndi dzanja limene mwalandirira ndalama. Sabata ya mawa ndidzabweranso." Adabweradi, napeza kansalu ndi foloko yotolera. Kuyendera kotereku nkumene kumasintha khalidwe la munthu, pakuti kumaphunzitsa, kumapereka nthawi yokonza, ndipo kumabweranso kudzaona. Chimodzimodzinso a Malawi Bureau of Standards, bungwe limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, akamayesa masikelo a ogulitsa nyama, mpunga ndi nyemba, amathandiza ife tomwe ogula kuti kilogalamu ikhale kilogalamu.

Koma pali kuyendera kwa mtundu wina kumene ine sindingakuyamikire. Mlamu wanga, mayi wamasiye, adatenga ngongole kubanki m'khonde napikula madengu awiri a matimati. Tsiku lachiwiri lokha galimoto idaima mwadzidzidzi, anyamata adalumpha, ndipo m'kuphethira kwa diso madengu adali m'galimoto, matimati ena atapondedwa pansi. Iye adali ndi mwana kumsana, tsono sakadatha kuthamanga monga adathamangira anyamata ogulitsa malamba ndi mafoni. Sadapatsidwe kapepala kalikonse konena zimene zatengedwa, kapena amene wazitenga, kapena kumene angakazipeze. Atalondola m'mawa mwake adauzidwa kuti abwere tsiku lina, ndipo pofika tsikulo padalibenso chakuti aombole. Ngongole yokha ndiyo idatsala yamoyo. Adaibweza pogulitsa mbaula, chiwaya ndi zitenje zake ziwiri.

Mlamu wangayo adali pamalo poletsedwa, ndipo zimenezo iye sakana. Koma kodi chilango cha kuyala malonda pamalo olakwika ndicho kulandidwa chuma chako chonse popanda mlandu kuzengedwa? Ngakhale wakuba amaimirira pamaso pa woweruza nadziyankhira. Ndipo onani amene amagwidwa kawirikawiri: ndi mayi wobereka mwana, mayi woyembekezera, gogo wa miyendo yolemera. Lamulo limene limagwira okhawo osatha kuthamanga lili ndi chilema. Choipa china nchakuti pamene palibe lisiti pamamera ziphuphu. Mayi amayamba kupereka kangachepe kuti asiyidwe, ndipo ena amapemphedwa zinthu zimene sitingazilembe pa tsamba lino. Ndalama imene ikadamanga chimbudzi cha pamsika imathera m'thumba la munthu mmodzi.

Kodi pali njira ina? Ilipo, ndipo kuti tiione bwino tiyeni tisuzumire kwa anzathu a ku India, dziko limene lili ndi ogulitsa m'misewu ochuluka kwabasi, amenenso adavutika ndi kuthamangitsana monga ife. M'chaka cha 1972, mumzinda wa Ahmedabad, mayi wina wodziwa za malamulo dzina lake Ela Bhatt adayambitsa bungwe la amayi odzilemba okha ntchito lotchedwa SEWA. M'bungwemo mudalowa amayi osenza katundu pamutu, osoka, ndi ogulitsa ndiwo zamasamba. Adalimbana zaka zambiri, m'makhoti ndi m'misonkhano, pamodzi ndi mabungwe ena, kufikira m'chaka cha 2014 pamene Nyumba ya Malamulo ya dzikolo idakhazikitsa lamulo loteteza ndi kulongosola malonda a m'misewu.

Tamvani zina mwa zimene lamulolo linena. Mzinda uliwonse ukhale ndi komiti yoona za malondawa, ndipo mwa mamembala 100 alionse, 40 akhale ogulitsa eni ake osankhidwa ndi anzawo. Mwa ogulitsawo, gawo limodzi mwa magawo atatu likhale la amayi. Ogulitsa onse awerengedwe, kosachepera kamodzi pa zaka zisanu zilizonse, ndipo wina asachotsedwe kalemberayo asanathe. Amene ali ndi chiphaso asasamutsidwe popanda chenjezo la masiku 30. Katundu akalandidwa, wolandayo alembe mndandanda wake, asayine, napereke kwa mwini katunduyo. Ngati ndi katundu wosachedwa kuonongeka, monga matimati a mlamu wanga, abwezedwe tsiku lomwelo limene mwini wake wamuitanitsa; ngati ndi wokhalitsa, pasapitirire masiku awiri a ntchito. Sindikunena kuti ku India zonse zidalongosoka, pakuti kulemba lamulo nkwina, kulitsata nkwinanso, ndipo madandaulo akadalipo. Koma mayi wa kumeneko ali ndi poimira akafuna kudandaula, ndipo adapeza poimirapo chifukwa amayi anzake adagwirizana.

Kuno kwathu lamulo la maboma ang'onoang'ono la m'chaka cha 1998 lidapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo oyendetsera madera awo, kuphatikizapo misika. Ndiye kuti malamulo amene amatithamangitsa sachokera kumwamba. Amapangidwa ndi anthu amene tikhoza kuwafikira, ena mwa iwo makhansala amene tidawasankha tokha. Tsono zimene tingapemphe sizovuta kuzimvetsa. Malamulowo alembedwe m'zilankhulo zathu ndi kukhomedwa pachipata cha msika uliwonse, pamodzi ndi mtengo wa chiphaso ndi wa chindapusa, kuti wina asatchule mtengo wa m'mutu mwake. Malo atsopano asanasankhidwe, ogulitsa afunsidwe, pakuti iwo ndiwo adziwa kumene mapazi a anthu amadutsa. Msika womangidwa kumene kulibe ogula ndi khola la mbuzi chabe. Paganiziridwenso zopatula misewu ina kuti madzulo, kwa maola owerengeka, anthu azigulitsamo mwa chilolezo, atalipira, nasesa pochoka. Katundu wolandidwa alembedwe. Ndipo pamene msonkho ukutoleredwa, mpopi utuluke madzi, chimbudzi chitseguke, zinyalala zichotsedwe. Nkosayenera kulamula mayi kuti asambe m'manja pamalo pamene palibe dontho la madzi.

Koma pangano, monga ndanena, lili ndi mbali ziwiri, ndipo mbali yathu tiisunge ndife. Inu amayi a geni, musaope kupita ku ofesi ya khonsolo kukafunsa malo ololedwa ndi mtengo wa chiphaso. Safunsa adadya phula. Mukalipira, landirani lisiti, muone ngati tsiku lalembedwapo ndi lomwelo, ndipo muisunge. Musapereke ndalama m'manja mwa munthu amene akukana kukulemberani, pakuti mukampatsa lero, mawa adzabwera ndi mnzake. Chakudya chikhale chovundikira, ndipo chimene chiyenera kudyedwa chamoto chigulitsidwe chamoto. Madzi a thobwa ndi otsukira ziwiya akhale owiritsa kapena othira mankhwala a kolorini. Pakhale sopo ndi madzi osamba m'manja mochita kuthirirana, osati m'beseni limodzi. Mukatsegula m'mimba, tsiku limenelo musaphike zogulitsa, ngakhale mphika wa kunyumba ukhale wopepuka. Phindu la tsiku limodzi silingagule moyo wa mwana. Poweruka sesani pamalo panu, kuti wofuna kukuchotsani asowe ponamizira.

Koposa zonse, musakhale nokhanokha. Mutu umodzi susenza denga. M'makomiti a m'misika yathu mipando yambiri imakhala ya abambo, chonsecho ogulitsa ndiwo zamasamba, zipatso ndi zophikaphika ambiri ndife amayi. Masankho a komiti akafika, musatsalire pabenchi nkumati za misonkhano nza amuna. Imikani mnzanu wolimba mtima, wodziwa kulankhula mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo, ndipo mumvotere. Ngati tidatha kusunga mabuku a banki m'khonde popanda tambala kusowa, tingalephere bwanji kulemba kalata ya madandaulo ndi kukaipereka tonse pamodzi kwa khansala wathu?

Kwa inu amayi ogula ndili ndi mawu awiri okha. Pamene mpata ulipo, lowani mumsika mukagule kwa amene adamvera lamulo, pakuti ndalama zathu ndizo zimaitanira malonda kumsewu. Ndipo mukaona mnzanu akutoleza matimati ake m'fumbi, musaseke, weramani mumthandize. Ntchito yolembedwa imatha, mwamuna amamwalira, ndipo ambiri amene ali kuseri kwa lichero lero sadaganizepo kuti adzakhala kumeneko. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mzinda waukhondo tonse tiufuna, ndipo mwana wokhuta tonse timfuna. Ziwirizi si adani, malinga opanga malamulo akhale pansi ndi osenza malichero, aliyense namva mnzake. Amene muli ndi zimene mudakumana nazo pa nkhaniyi, zabwino kapena zowawa, tilembereni kuti tiphunzitsane. Tsalani bwino, amayi anzanga, tidzachezanso sabata ya mawa.